Chinkhupule cha m'nyanja: nyama imene imadya zimene sefa singagwire

Kwathu ku Chonde chinkhupule chimayanga pampanda wa bafa. Chimachita maluwa achikasu n'kubereka zipatso zonga nkhaka zazitali, ndipo zikauma anganga ankazisenda, kukutumula nthanga zakuda zija, n'kudula zidutswa: ichi chosambira, ichi chotsukira mbale. Ndi chomera ndithu, m'bale wake wa dzungu ndi chipwete. Ndiye ndikamamva kutchalitchi pa Lachisanu Loyera kuti munthu wina anathamanga kukatenga chinkhupule, n'kuchiviika m'vinyo wosasa, n'kuchisomeka kubango kuti Yesu amwe, m'maso mwanga munkabwera chomwechi cha pampanda. Ndinadzadziwa nditakula kale kuti si chimenecho. Anthu a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean ankavuula chinkhupule chawo pansi pa madzi, ndipo chimene ankagwira m'manja chinali mafupa a nyama yakufa. Omasulira Baibulo anangobwereka dzina la chathuchi poti ntchito yake ndi imodzi.

Dzina limodzili likubisa zinthu zitatu. Pali chomera cha pampanda. Pali siponji ya kufakitale, ija timagula pa Chitakale kapena kung'amba ku matiresi akutha. Ndiye pali nyama ya m'madzi, imene kadyedwe kake kamadyetsa zamoyo zambirimbiri za m'nyanja ya mchere.

Kuti ndi nyama, anthu anachedwa kuvomereza, ndipo sindikuwadabwa. Sichiyenda. Chimamatirira pathanthwe moyo wake wonse. Chilibe mutu, pakamwa, matumbo, mtima, magazi, ubongo, ngakhale mitsempha. China chimakula ngati mtsuko, china ngati nthambi za mtengo, china chimangoyala pamwala ngati ndere zofiira kapena zachikasu. Aristotle wa ku Greece anachilemba zaka zoposa 2,300 zapitazo n'kuchiika pakati pa zomera ndi nyama. M'chaka cha 1765 John Ellis, yemwe ankakhala ku London, anaona kuti chinkhupule chamoyo chimakoka madzi ndi kuwatulutsa. Kenako Robert Grant wa ku Scotland analondola bwino kayendedwe ka madziwo, ndipo mu 1836 anapatsa gulu lonse dzina lakuti Porifera, kutanthauza zokhala ndi timabowo. Chomera chimadziphikira chakudya ndi dzuwa, koma chinkhupule chiyenera kugwira chakudya chopangidwa kale ndi zamoyo zina. Chimabereka ndi dzira ndi umuna, ndipo mwana wake amasambira asanakhazikike. Lero mitundu yodziwika ndi yoposa 9,000, kuyambira m'madzi ofika m'mawondo mpaka pansi penipeni pa nyanja pomwe dzuwa silifika.

Thupi lonse la chinkhupule ndi njira za madzi. Pakhungu pake pali timabowo tosawerengeka, tochepa kuposa kabowo ka singano. Madzi amalowa mmenemo, amatsata tingalande topita mkati, n'kukafika m'tizipinda tozungulira. Makoma a tizipindati ndi oyalidwa ndi maselo apadera otchedwa ma choanocyte. Selo lililonse lili ndi kamchira kamodzi konga mkwapulo, ndipo m'tsinde mwa kamchirako mwazungulira titsitsi toima mothithikana ngati mano a chipeso. Kamchira kakamakupiza, madzi amadutsa pakati pa titsitsi, chakudya n'kutsalira pomwepo. Selo limodzi mphamvu yake n'njochepa, koma alipo mamiliyoni, onse akukupiza usana ndi usiku. Madzi onsewo amakumana m'ngalande zazikulu n'kutulukira pabowo lalikulu la pamwamba, lotchedwa osculum. Osambira pansi pa nyanja amaonetsa izi mosavuta. Amathira utoto wobiriwira m'tsinde mwa chinkhupule chonga mtsuko, utoto umalowa m'khoma, ndipo pakangopita masekondi ochepa umatuluka pamwamba uli tolotolo ngati utsi wa pachumuni cha fakitale ya tiyi.

Amene anasambako ku Likhubula akudziwa kuti pomwe mtsinje wapanikizika pakati pa miyala madzi amathamanga, koma akagwera m'dziwe ngati la Nkhalamba amadekha. M'chinkhupule ndi chimodzimodzi. Tizipinda tija tonse pamodzi n'totakasuka kwambiri kuposa bowo lotulukira, motero madzi amayenda pang'onopang'ono pomwe pali maselo odya, kuwapatsa mpata wotola. Potuluka amapanikizika n'kuthamanga, ndipo madzi osefedwa kale amaponyedwa kutali kuti asalowenso. Madzi omwewo ndiwo amabweretsa mpweya wopuma ndi kunyamula zonyansa. N'chifukwa chake mtima ndi magazi n'zosafunika kwa icho: nyanja yeniyeniyo ndiyo imayenda m'thupi mwake. Pa mitundu ina, chinkhupule cholemera kilogalamu imodzi chimatha kupopa malita okwana 24,000 patsiku. Zimenezo ndi ndowa 1,200 za malita 20. Mayi wotunga ndowa zisanu patsiku angathe miyezi 8 kuti afikepo.

Chimene chimagwidwa pa titsitsi tija kwambiri ndi mabakiteriya ndi tizomera ta selo limodzi toyandama m'madzi, tina tochepa moti titandandalika 1,000 tingangokwana milimita imodzi. Nsomba sizingagwire tinthu tochepa chonchi. Popeza mimba palibe, selo lililonse limameza lokha chimene lagwira n'kuchigaya mkati mwake, kapena kupatsira maselo ena oyendayenda amene amakwawa m'mnofu, kukagawira anzawo okhala kutali ndi ngalande.

Koma mbali ya kadyedwe imene inandigwira mtima ndi ina. Tengani kapu ya tiyi. Masamba mutha kuwachotsa ndi sefa. Shuga amene wasungunukamo, ngakhale mutasefa kakhumi pansalu yothina bwanji, sangatsale. M'nyanja namonso chakudya chambiri si tizidutswa ayi, n'chosungunuka: shuga ndi zinthu zina zimene ndere ndi makorali (tinyama tokhala m'magulu timene timamanga matanthwe a laimu pansi pa nyanja) zimatulutsa tsiku ndi tsiku. Nsomba singachidye, nkhanu singachidye. Kwa nthawi yaitali akatswiri ankaganiza kuti ochitha ndi mabakiteriya okha.

Panalinso funso lakale limene amalitcha ndi dzina la Charles Darwin, yemwe analemba za matanthwe a korali mu 1842. Madzi a m'madera otentha momwe muli makorali ndi oyera mbee chifukwa mulibe chakudya chambiri, ali ngati munda woguga. Komabe pamatanthwepo pamadzaza nsomba ndi zamoyo zamitundumitundu kuposa malo ena onse a m'nyanja. Munda woguga ungakolole bwanji nkhokwe zodzaza?

Jasper de Goeij wa ku Netherlands ndi anzake anafufuza zimenezi pachilumba cha Curaçao, ku Caribbean, n'kufalitsa zimene anapeza mu 2013. M'mapanga ndi m'ming'alu ya matanthwe a korali mumayala zinkhupule zopyapyala. Anapeza kuti zimamwa chakudya chosungunuka chija kwambiri, moti pa mitundu ina chimaposa 90 pa 100 iliyonse ya zonse zimene chinkhupule chimadya. Ndi kudya koteroko zinayenera kunenepa mofulumira, koma sizikula. Nanga chakudya chikupita kuti? Pa mtundu wotchedwa Halisarca caerulea anapeza kuti maselo osefa aja amagawanika pa maola 5 kapena 6 aliwonse, liwiro losowa kwambiri pakati pa nyama, ndipo akale amathothoka n'kutuluka ndi madzi ngati gaga. Ofufuzawo anaika chizindikiro m'chakudya chosungunuka n'kuchilondola. M'maola ochepa chinali m'thupi la chinkhupule. Tsiku lisanathe chinali m'gaga uja. Pofika tsiku lachiwiri chinapezeka m'matupi a nkhono ndi tinkhanu timene timatola pansi, ndipo izi ndizo zimadyedwa ndi nsomba. Shuga amene akanapita ndi mafunde wasanduka chinthu chogwirika, n'kutsala pamudzi.

Ine ndimaziyerekeza ndi mbuzi ya pakhomo, imene imadya masamba ndi makoko osadyedwa ndi munthu, n'kusiya manyowa m'khola, manyowawo n'kupita kudimba. Kusiyana kwake n'kwakuti chinkhupule chimene chimataya ndi thupi lake lenilenilo. Si mitundu yonse imachita izi mofanana, ndipo akatswiri akadayezabe pa zinkhupule zikuluzikulu ndi za m'madzi ozizira. Koma kuyambira pamenepo wofotokoza moyo wa pamatanthwe a korali sangazilumphenso.

M'thupi mwakemo chinkhupule sichikhala chokha. Pa mitundu ina mabakiteriya okhala mkati amafika gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake. Ena amathandiza kugaya chakudya chosungunuka, ena amasintha nayitrojeni, ena obiriwira amaphika ndi dzuwa n'kugawana ndi mwininyumba. Mlimi wa nandolo sangadabwe nazo, poti timibulu ta m'mizu ya nandolo ndi mgwirizano wa mtundu womwewo.

Ndipo pali zina zimene zinasiya kusefa. Mu 1995 Jean Vacelet ndi Nicole Boury-Esnault anafotokoza kachinkhupule koyera ka m'phanga lina la pansi pa nyanja pafupi ndi Marseille, ku France. Kalibe ngalande za madzi. Kali ndi tizingwe todzaza timbedza, ndipo kachilombo kosambira kakakhudzapo kamakodwa. Maselo a chinkhupule amakwawira pamenepo, amakakuta, n'kukagaya kwa masiku angapo. Chinanso chotere, chooneka ngati zeze wa zingwe zambiri, chinafotokozedwa mu 2012 kuchokera m'madzi akuya mamita oposa 3,000 kufupi ndi California. M'malo osowa chakudya chotero, kupopa madzi kumadya mphamvu zambiri kuposa zimene kumabweretsa.

Mafupa a chinkhupule ndi a mitundu iwiri. Zambiri zili ndi timinga tolimba, tina ta laimu ngati chigoba cha nkhono, tina ta silika, chinthu chomwe chija chili mumchenga ndi m'galasi. Timingati timakhala ngati singano, nyenyezi, nangula kapena mbedza, ndipo nditimene akatswiri amayang'ana pa maikulosikopu kuti adziwe mtundu. Zina zili ndi ulusi wofewa wotchedwa spongin, wa m'banja limodzi ndi chimene chimalimbitsa khungu lathu. Mitundu yochepa chabe ndiyo ili ndi ulusi wokhawokha wopanda minga, ndipo zosambira zimachokera mwa imeneyo. Chikamavuulidwa chimakhala chakuda, cholemera ndi choterera. Amachisiya kuti mnofu uwole, amachipuntha ndi kuchitsuka mpaka patsale ulusi. Kumadzi akuya a ku Philippines ndi Japan kuli china chotchedwa Euplectella, cholukidwa ndi galasi lokhalokha, kuoneka ngati mono wa nsomba. Tinkhanu tiwiri, kakamuna ndi kakakazi, timalowamo tili tating'ono, tikakula n'kulephera kutuluka, ndipo timakhala momwemo mpaka imfa. Ku Japan anthu ankapereka chigoba chimenechi ngati mphatso ya paukwati. Ku Caribbean nakonso kuli zinkhupule zonga migolo, zoti munthu atha kulowamo, ndipo akatswiri amayerekeza kuti zikuluzikulu zedi zakhala zaka zoposa 2,000.

Mu 1907 Henry Van Peters Wilson wa ku North Carolina anachita chinthu chimene ophunzira sayansi amachikumbukirabe. Anatenga chinkhupule chamoyo n'kuchifinya kudzera pansalu yothina mpaka chinasanduka madzi a mbuu, selo lililonse palokha. Nyama zambiri zikanathera pomwepo. Koma maselowo anayamba kukwawa pansi pa mbale, kupezana, kumatana m'timibulu, ndipo patapita masiku timibuluto tinatsegula ngalande n'kuyamba kupopa madzi. Ofufuza ena pambuyo pake anasakaniza maselo a mitundu iwiri yosiyana, ndipo kawirikawiri aliwonse ankafunafuna akwawo. Chinsinsi chake n'chakuti maselo a chinkhupule samamangika pa ntchito imodzi. Loyendayenda litha kusanduka lopanga minga, losefa, kapena dzira. N'chifukwa chake chidutswa chothyoka ndi mafunde chimatha kumera pena, ngati phesi la chinangwa.

Kubereka kwake nakonso kumatsata madzi. Zambiri zimakhala zazimuna ndi zazikazi m'thupi limodzi, koma pa nthawi zosiyana. Umuna umatuluka pabowo la pamwamba ngati nkhungu, chinkhupule choyandikana chimaukoka pamodzi ndi madzi, ndipo selo losefa likaugwira siliugaya ngati chakudya. Limataya kamchira kake n'kuunyamula kukaupereka ku dzira. Kamwana kamasambira maola angapo kapena masiku ochepa, n'kusankha mwala umene kadzakhalepo mpaka kalekale.

Wina angati izi n'za kutali, ife nyanja ya mchere tilibe. Koma mitundu pafupifupi 250 imakhala m'madzi opanda mchere, m'nyanja ndi m'mitsinje, ikumata kunsi kwa miyala ndi pa zipika zomira. M'nyanja ya Malawi muli mtundu wotchedwa Malawispongia echinoides, ndipo banja lake lonse, limene mtundu wina wa m'menemo uli m'nyanja ya Tanganyika, linatenga dzina kuchokera pamenepo, Malawispongiidae. Ndinaphunzira za mbuna ndi chambo kuyambira ku pulayimale, koma dzina limeneli ndinalimva ndili ndi imvi, ndipo zimandiwawa kuti ana athu ambiri sadziwa kuti lilipo. Zambiri za m'mitsinje ndi m'maiwe ophwa zili ndi njira yopulumukira chilimwe. Madzi akamachepa zimakulunga maselo amoyo m'timibulu tolimba tochepa ngati njere za bonongwe. Thupi limafa, timibulu timatsala m'matope ouma, ndipo madzi akabwerera timatseguka n'kuyambanso.

Chinkhupule ndi nyumba ya ena. M'ngalande zake mumabisala nyongolotsi, tinkhanu ndi tinsomba. Ku Belize, mu 1996, Emmett Duffy anapeza tinkhanu tokhala m'chinkhupule mwa dongosolo la njuchi, mayi mmodzi wobereka ndi mazana omuteteza. Ochidya ndi ochepa chifukwa cha minga ndi poizoni, koma alipo. Kamba wa m'nyanja wa mlomo wonga wa kabawi, yemwe amapezekanso m'gombe la Mozambique, amadya zinkhupule pamodzi ndi galasi lake lomwe, ndipo ku Caribbean ndicho pafupifupi chakudya chake chonse. Potero amatsegula malo kuti makorali asakutidwe. Ku Shark Bay, ku Australia, ma dolphin ena, nyama zoyamwitsa zooneka ngati nsomba zazikulu, amavala chinkhupule kumlomo pofukula nsomba mumchenga kuti asadzicheke, ndipo ana amaphunzira lusoli kwa amayi awo. Zinkhupule zina zimamata zidutswa za korali zosweka kuti zisakokoloke. Zina, za mtundu wa Cliona, zimaboola miyala ya laimu ndi zigoba ngati nankafumbwe m'chimanga, n'kuzisandutsa mchenga.

Nyama imene singathawe imadziteteza ndi mankhwala, ndipo ena mwa mankhwalawo afika m'zipatala. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 Werner Bergmann wa ku yunivesite ya Yale anapeza zinthu zachilendo m'chinkhupule cha kufupi ndi Florida. Potengera kapangidwe kake, akatswiri anapanga cytarabine, amene anavomerezedwa mu 1969 ndipo mpaka lero amathandiza odwala khansa ya m'magazi. Mu 1986 ofufuza a ku Japan anafotokoza chinthu china champhamvu cha m'chinkhupule chakuda chotchedwa Halichondria okadai. Chinkapezeka chochepa kwambiri moti kukolola zinkhupule sikukanathandiza, ndiye anachita kuphunzira kuchipanga okha. Kuchokera pamenepo kunatuluka eribulin, wa khansa ya m'mawere, amene anavomerezedwa mu 2010. Nthawi zambiri wopanga mankhwala weniweni amapezeka kuti ndi mabakiteriya aja okhala mkati.

Malonda a zosambira ndi akale. Chilumba cha Kalymnos ku Greece chinalemera nazo, ngakhale amuna ambiri anafa kapena kupuwala chifukwa chomira mwakuya n'kuvuuka mofulumira. Matenda amene anagwa m'nyanja ya Mediterranean mu 1986 anapha zinkhupule zambiri, ndipo siponji ya kufakitale inali italanda kale msika. Pafupi ndi ife, ku Jambiani pachilumba cha Zanzibar, amayi ena amazilima. Amadula zidutswa, amazimangirira ku zingwe m'madzi osaya, amazipukuta kuchotsa ndere, ndipo pakatha pafupifupi chaka amakolola n'kusiya mbewu. Safuna feteleza kapena chakudya chogula, poti chinkhupule chimadzisefera chokha.

Pomwe ife a kuphiri timakhudzana ndi nyamayi ndi pa dothi. Chiperoni chimene chimanyowetsa tiyi ku Thyolo ndi Mulanje ndi chinyezi chochokera ku nyanja ya mchere, kudutsa ku Mozambique. Madziwo amabwerera kudzera mu Ruo, amalowa mu Shire pa Chiromo, kenako mu Zambezi mpaka kunyanja. Akamapita amanyamula chimene tawapatsa. Tonse tinaona mtundu wa madzi a mu Ruo, Lichenya ndi Thuchila m'mwezi wa Malichi 2023, pa namondwe wa Freddy, ndipo ngakhale chaka chabwino mitsinje yodutsa m'mapiri ometedwa imakhala yofiira dzinja lonse. Dothi lina limatsala m'madambo a kumunsi kwa Shire, lina limafika. Kwa nyama yodya ndi kupuma kudzera m'timabowo tochepa kuposa singano, matope ndi mdani wamkulu, pamodzi ndi makoka okwekwesa pansi ndi kutentha kwa madzi.

Pa matope ochepa chinkhupule chili ndi chochita. Mu 2022 ofufuza anajambula chinkhupule cha ku Caribbean chotchedwa Aplysina archeri n'kuona kuti chimakulunga tizinyalala m'mamina, chimawakankhira kunja kudzera m'timabowo tolowera madzi tija, amaunjikana pakhungu, kenako thupi limadzifinya pang'onopang'ono n'kuwataya. Anakutcha kuyetsemula. Kuyetsemula kumodzi kumatenga pafupifupi theka la ola, ndipo tinsomba timadikira pambali kuti tidye maminawo. Matope akachuluka kuposa pamenepo, mitundu yambiri imachepetsa kupopa kapena kuleka kumene kuti ngalande zisatsekeke, ndipo nthawi yonse imene chaleka sichikudya, mpweya ukuchepa, gaga uja wa nkhono ndi tinkhanu sakutuluka.